Kodi kuwerengera simenti n'kukayikira Mulungu?

Ntchito yanga ndi yowerengera anthu mtengo wa nyumba asanakumbe maziko, ndipo si ntchito imene anthu amaikonda. Wojambula pulani amakondedwa, chifukwa amakuikira maloto ako papepala. Abusa obwera kudzapempherera puloti amakondedwa, amawaphera ndi nkhuku. Ine ndimafika pambuyo pawo ndi pensulo, n'kunena kuti nyumba ya zipinda zisanu mwaionayo, ndalama muli nazozi zikuthera pawindo. Ena amathokoza, ena amandiyang'ana ngati ndawatemberera. Koma yankho limene ndimalimva kawirikawiri, makamaka kwa abale a mumpingo, ndi lakuti: “Akuluakulu, masamu anuwo ndi a pansi pano. Tiyeni tingoyamba, Mulungu adzapereka.”

Mawu amenewa sindiwapeputsa. Inenso ndine wopemphera, ndakulira mu Sinodi ya Nkhoma, ndipo ndikudziwa anthu amene anayamba ndi njerwa zoumba okha, lero akugona m'nyumba zawo, pamene anzawo odziwa masamu akulipirabe lendi. Ndiye funsoli limandivuta ndithu. Munthu akakhala pansi n'kulemba matumba a simenti, malata, misomali ndi malipiro a amisiri, kodi akuchita zanzeru, kapena akuulula kuti Mulungu samudalira kwenikweni?

Baibulo limaoneka ngati likukokera uku ndi uku, ndipo aliyense amatolamo vesi lomukomera. Pa Luka 14 Yesu akupereka chitsanzo cha munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayambe wakhala pansi aone ngati ndalama zikwane, kuopa kulekera pamaziko anthu n'kumamuseka. Anzanga a ntchito yathuyi amalikonda vesi limeneli ngati analembera iwo. Koma Yesu yemweyo pa Mateyu 6 akuletsa kudera nkhawa za mawa, n'kuloza mbalame zimene sizilima. Yakobo, m'mutu 4, akudzudzula amalonda okonza za chaka chathunthu chikhalirecho sakudziwa ngati kucha ali moyo. Palinso mwini chuma wa pa Luka 12, amene anakonza zopasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, zonse ataziwerengera bwino, usiku womwewo n'kutsikira kulichete. Munthu ameneyo akanabwera kuofesi kwanga ndikanamulandira ndi manja awiri, kuti nayu kasitomala wodziwa chimene akufuna. Mulungu anamutcha wopusa.

Ndimakhala ku Area 12, dera limene palokha likuonetsa zimene kuwerengera kumatha ndi zimene kumaiwala. Mbali ino ya Lilongwe sinamere yokha ngati Old Town, imene inakula pang'onopang'ono mozungulira boma la atsamunda ndi msika wa m'mbali mwa mtsinje. Kuno anachita kujambula. Boma la Kamuzu litatsimikiza zochotsa likulu ku Zomba, linakhazikitsa Capital City Development Corporation mu 1968, ngongole yoyambira inachokera ku South Africa, ndipo mu 1975 likulu linasamukiradi. Misewu yathu yokhotakhotayi ndi mapuloti akuluakuluwa zinayamba zakhala papepala. Nyumba za nthawi imeneyo zilipobe: zazifupi, zakhonde, zosadzionetsera, mitengo itazikuta, ndipo mu Okutobala munthu amagonamo popanda makina oziziritsa. Koma pepala lomwelo linaika mabwana pafupi ndi Capital Hill, antchito wamba kutali. Alonda, ophika ndi osamalira maluwa a m'nyumba zimenezi ankafunika pogona pafupi ndi ntchito, ndipo lero Kauma ali pamsana pathu pomwepa, wothithikana, anthu ake m'mamawa akulowa m'mageti athu wapansi. Pulani inali yokongola, koma anthu ena sanalowe m'masamu.

Wonena kuti Mulungu adzapereka ndimayamba ndamukumbutsa zimene Mulungu anapereka kale. Anapereka mvula yoyamba cha mu Novembala n'kukasiya cha mu Epulo, ndipo yathu ino siigwa mwaulemu, imabwera ndi mphepo, chopingasa, kumenya khoma. Anapereka dzuwa la Okutobala. Anapereka chisanu cha Juni ndi Julayi, poti mzinda uno uli pamtunda wopitirira mamita 1,000. Anaperekanso chiswe. Zimenezi si zinsinsi za mawa zimene Yakobo akuti sitizidziwa. Zimabwera chaka ndi chaka, agogo athu ankazidziwa, ndiye chifukwa chake nyumba zawo zinkakhala ndi khonde kuzungulira ndi tsindwi lotsika lophimba khoma. Munthu amene akuzinyalanyaza n'kumati ndi chikhulupiriro, ine ndimati sakumvera Mwini nyengoyo.

Denga lizitulukira kunja masentimita 60 kapena kuposerapo, kuti khoma lisanyowe ndipo mawindo akhale pamthunzi. Masiku ano kwabwera fashoni yobisa denga kuseri kwa khoma kuti nyumba izioneka ngati ya ku Dubai. Kumeneko mvula ndi mlendo. Kuno ngalande yobisikayo ikangotsekeka ndi masamba a mango, madzi alibe kwina kolowera koma m'siling'i. Nyumba izitalika kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, chifukwa dzuwa lowotcha ndi lamasana likamapendeka. Woika galasi lalikulu kumadzulo amadzagula makina oziziritsa, kenaka jenereta yoyendetsa makinawo magetsi akazima, kenaka dizilo, moyo wake wonse akulipira windo limodzi. Mawindo aziyang'anizana kuti mphepo idutse. Pansi pa silabu pathiridwe mankhwala a chiswe ndi kuyalidwa pepala lapulasitiki loletsa chinyontho. Ziwirizi n'zotchipa, koma poti mlendo sadzaziona, ndizo zimayamba kudulidwa ndalama zikachepa. Matailosi apakhonde sindinaonepo munthu akuwadula.

Ndiye pali dothi. Katondo wofiira wa kumtunda amanyamula nyumba bwino. Makande a kudambo amatupa m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, khoma n'kung'ambika nawo, ndipo puloti yotchipa ya kudambo ndalama zake zimakathera m'maziko. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Mtandire. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatsitsa matope a m'phiri la Soche pa Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa. Ambiri mwa anthu amenewo sanamange kumeneko chifukwa chosaganiza. Umphawi ndiwo unawasankhira malo, ndipo anali opemphera kuposa ine. Koma ife okhoza kusankha tikumbukire kuti m'fanizo la Yesu la omanga awiri, wa pathanthwe ndi wa pamchenga, mvula ndi mphepo zinagwera nyumba zonse ziwiri mofanana. Mwini sitolo ina ya zipangizo ku Malangalanga, Msilamu, anandiuzapo kuti kwawo amaphunzitsa za munthu amene anafunsa Mtumiki ngati amange ngamira yake kapena aisiye m'manja mwa Mulungu, ndipo anauzidwa kuti achite zonse ziwiri, kuyambira chingwecho.

Mpaka apa mlandu ukuoneka ngati ukukomera ine ndi pensulo yanga. Koma munthu wa nsanja wa pa Luka 14 ankawerenga ndalama zasiliva, zimene sizinkachepa thupi usiku iye ali m'tulo. Ife timawerenga kwacha. Mu Meyi 2012 inagwa. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 Reserve Bank inaitsitsa ndi 44 peresenti, dola imene inali cha m'ma K1,180 n'kufika K1,700. Malata, zitsulo, magalasi, mawaya amagetsi ndi mafuta a lole yotuta mchenga, zonse zimatsata dola, ndipo ngakhale simenti yopangidwa ku Kasungu konkuno siitsalira. Ife pophunzira ntchitoyi anatiuza kuti pamwamba pa bajeti tiziwonjezera 10 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi. Tsono 10 angalimbane bwanji ndi 44? Pali anthu amene anachita zonse zimene Yesu ananena, anakhala pansi, anawerengera, zinakwana, anayamba, ndipo lero nyumba zawo zaima pawindo udzu ukumera m'zipinda.

N'chifukwa chake nyumba zosatha zimene zadzaza ku Area 49, ku Area 25 ndi m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji sindiziseka, ndipo mlaliki wozigwiritsa ntchito ngati chitsanzo cha uchitsiru amandikwiyitsa. Zambiri mwa izo ndi nkhokwe. Mphunzitsi kapena namwino amene amati akalandira chipereganyu amagula mabuloko akudziwa kuti buloko yagulidwa lero chaka chamawa idzakhalabe buloko, pamene ndalama yosungidwa idzagula theka. Ngongole ya kubanki, imene m'zaka zaposachedwapa chiwongoladzanja chake chapitirira 20 peresenti pachaka, ndi ya anthu owerengeka. Wodikira kuti ndalama zonse zikwane ndiye ayambe, m'dziko muno adzafera m'nyumba yalendi. Pamenepa abale anga a “tiyeni tingoyamba” akunena zoona, ndipo ndimawavomereza.

Ali ndi umboni winanso umene sadziwa kuti ali nawo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, amene sanaphunzire za zomangamanga, pamodzi ndi anthu akuno amene anali asanamangepo chinthu chotero, popanda mapulani atsatanetsatane ojambuliratu. Chilipobe, zaka zoposa 130. Koma taonani mmene ankachitira: chigawo chovuta ankayamba achiyesa ndi njerwa zouma, opanda matope, kuona ngati chiima, kenaka n'kumanga zenizeni. Uku n'kuwerengera ndithu, kungoti ndi manja m'malo mwa pensulo. Mfumu Davide nayo inauzidwa kuti Kachisi sidzamanga ndiyo, koma pa 1 Mbiri 22 tikuiona ikusonkhanitsa miyala yosema, chitsulo cha misomali, mkuwa ndi mitengo ya mkungudza, zonse za nyumba imene sidzalowamo. Ku Cologne, ku Germany, tchalitchi chachikulu chinayambika mu 1248, ntchito inaima kwa zaka mazana angapo, makina okwezera miyala ali pamwamba pa nsanja yosatha, ndipo chinamalizidwa mu 1880. Kusamaliza msanga si tchimo.

Chofunika n'chakuti pamene waimirapo pakhale poti mvula ingapeze popanda kuwononga. Maziko ofika pasilabu amadikira zaka osadandaula. Makoma a njerwa zomangira dothi, opanda denga, dzinja lililonse amabweza zimene unaikamo. Matabwa a denga osafoleredwa amapindika. Simenti siisungidwa miyezi yambiri, imauma m'thumba momwemo, koma malata, zitsulo ndi mafelemu zimadikira. Amene ndimawasirira ndi oyamba ndi kanyumba kakumbuyo, boyizikota, n'kulowamo, ndalama ya lendi n'kusanduka ya mabuloko. Anthu amawanena kuti bwana wathunthu akugona m'boyizikota, koma pakapita zaka onenawo ndiwo amabwera kudzafunsa nzeru.

Tsono ngati bajeti singalosere mtengo wa mawa, phindu lake n'chiyani pamaso pa Mulungu? Yankho langa ndalipeza pamalo omangira, osati m'mabuku. Bajeti ikaphwanyika, ndalama yosowayo siisowa m'malere. Pali wina amene amailipira, ndipo kawirikawiri si mwini nyumba.

Woyamba kulipira ndi waganyu. Kufupi ndi kwathu kuno kunamangidwa nyumba ina yosanja, ndipo Loweruka lina madzulo ndinapeza anyamata okanda matope ndi amayi otunga madzi atakhala pamulu wa mchenga, akudikira bwana amene foni yake inali itazimitsidwa. Mayi wina, mwana kumsana, anandifunsa kuti: “Bambo, inu mumawadziwa abwanawa? Tauzidwa kuti tibwere Lolemba, koma kunyumba ufa unatha dzana.” Sabata yomweyo pamalopo panatsitsidwa matailosi ochokera kunja. Mwini wakeyo si chigawenga ayi. Ndi munthu amene anayamba nyumba yoposa thumba lake, ndipo zitathina anayang'ana amene angadikire popanda kumutengera kukhoti. Wasitolo sapereka katundu osalipira. Mayi wa ku Kauma alibe loya. Mneneri Yeremiya, m'mutu 22, anadzudzula mfumu Yehoyakimu pa mlandu womwewu: inkamanga nyumba ya zipinda zam'mwamba, mawindo aakulu, matabwa a mkungudza ndi utoto wofiira, koma anthu ogwira ntchitoyo osawalipira. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 24, chimafuna kuti waganyu wosauka alandire zake dzuwa lisanalowe. Yakobo yemwe uja woletsa kudzitama za mawa, m'mutu wotsatira akunena kuti malipiro obedwa a antchito amafuula mpaka kumwamba.

Wachiwiri kulipira ndi wodzagona m'nyumbamo. Mmisiri akauzidwa kuti matumba alipo ndi omwewa, aone chochita, iye sakana, amangowonjezera mchenga. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi sabata yathunthu ndipo imafika mphamvu yake pa masiku 28, koma wothamangira kulowetsa alendi amachotsa matabwa msanga. Bimu yochepetsedwa zitsulo siioneka ikapakidwa pulasitala. Imadzaoneka tsiku lina, mwina mwini wake atagulitsa kale.

Ena olipira ndi ana amene fizi yawo yalowa m'denga, mlongo amene anabwereketsa ndalama ya feteleza, amayi a banki mkhonde amene akuyenda ulendo wachitatu kudzakumbutsa ngongole, mwinanso banja lonse bambo akagwa m'katapila. Ndipo pali olipira amene sitiwaona n'komwe. Uvuni uliwonse wa njerwa umadya mitengo, ndipo nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe ndi madzi a m'mipopi yathu, yavutika kale ndi nkhuni ndi makala a mzinda uno. Mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda. Nyumba ya munthu payekha ambiri akumangirabe zootcha chifukwa pogula zimaoneka zotchipa, koma muwerengere matope ochuluka amene zimadya poti n'zosalingana, ndi zosweka panjira, mupeza kuti mabuloko sali kutali.

Mulungu amapereka, ndikukhulupirira. Koma nthawi zambiri zimene timati wapereka Mulungu zimakhala kuti tatenga kwa mnzathu wosatha kukana. Bajeti siilamula za mawa, ndipo woikhulupirira ngati mulungu ndi mwini nkhokwe uja. Ntchito yake ndi kukuonetsa, usanakumbe, dzina la munthu amene adzasenze katundu wako zinthu zikavuta. Ukaliona dzinalo n'kuchepetsa nyumba, wachita zachikhulupiriro kuposa wopemphera usiku wonse pamaziko a nyumba yosanja.

Kuchepetsako ndiye kumapweteka, chifukwa kumafunsa funso limene pulani siifunsa: zipinda zonsezi n'za yani? Kamuzu ankakonda kunena kuti anthu ake akufunika zinthu zitatu, chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Sananene za mabafa anayi. M'dera lathu lino muli madoda ndi amayi okalamba amene akukhala awiriwiri m'nyumba za zipinda zisanu, ana ali ku Johannesburg, ku Leeds kapena ku Dallas, penshoni ikuthera kupenta zipinda zogona akangaude. Ambiri timamangira maso a anthu, kuti akwathu akabwera pamaliro adzaone kuti sitinapite kutauni kukasewera. Makolo athu Achewa anali ndi mwambo woti mwini nyumba akamwalira, miyambo yamaliro ikatha, nyumba yake ankaigwetsa. Sindikuti tibwerere kumeneko, nyumba yamalata si ya mitengo ndi udzu. Koma anthu amenewo ankadziwa kuti nyumba ndi ya munthu wamoyo, ndipo zaka zimene adzakhalemo palibe mmisiri angaziwerengere.

Popeza zaka zimenezo sitizidziwa, m'bajeti mukhale mzere umodzi umene ambiri amauthawa: mapepala. Puloti ikhale ndi zikalata zenizeni za ku Unduna wa za Malo, kukhonsolo kapena ku Malawi Housing Corporation, osati kakalata ka munthu wokumana naye pamsewu. Pulani ivomerezedwe ndi khonsolo ya mzinda musanayambe. Ndipo wilo ilembedwe. Anthu amati kulemba wilo n'kudziitanira imfa, koma imfa imabwera ndi kwa osalemba omwe, ndipo pamenepo mkazi wamasiye amene ananyamula nawo njerwa amapezeka akukangana ndi alamu ake pageti. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu wa masiye kukhala mlandu, koma mlandu umatenga zaka ndi ndalama, pamene wilo imatenga masana amodzi.

Choncho inu amene mukufuna kuyamba mvula ikatha, itanani abusa adzapemphere, ine ndidzavula chipewa n'kupemphera nanu. Tikatha amen, tidzakhale pansi. Tidzayambe kulemba malipiro a amisiri ndi aganyu, ndalama yake ikhale payokha yosakhudzidwa. Kenaka maziko, mankhwala a chiswe ndi denga lotulukira kunja. Fizi ya ana isalowemo. Zotsalazo ndizo zidzatiuze kuti zipinda zikhala zingati, ndipo zikati ziwiri, mumange ziwiri.